GASI WA M'SILINDA NDI GALIMOTO YONYAMULA KATUNDU

 Nkhani yathu ya lero iri ya gasi wa m'silinda, yemwe uja amaphikira amai ambiri ku Kabwata, ku Chelstone ndi ku Woodlands. Koma lero sitikamba za kuphika ai. Tikamba za nchito yace yina imene ambiri saidziwa, ndiyo ya kuyendetsa galimoto.

Munthu akacoka pakati pa mzinda natsata mseu wa Kafue Road, kupitirira Makeni mpaka kukafika ku Lilayi ndi ku Chilanga, aona mafakitale, mabwalo oimamo malori, ndi nyumba zazikulu zosungiramo katundu. M'malo otere katundu wolemera, monga matumba a simenti, a feteleza ndi a cimanga, masiku ano sanyamulidwa pa mutu kapena pa phewa pokha. Pali kagalimoto kafupi, kokhala ndi zitsulo ziwiri zonga mano a foloko kutsogolo kwace, kamene kalowetsa manowo pansi pa katundu, kamkweza m'mwamba ndi kukamuika pa lori. Dzina lace ndi forklift. Pa zina za izo, mukayang'ana kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa, mudzaona silinda yogonekedwa cam'mbali, yomangidwa ndi malamba acitsulo. Imeneyo ndiyo thanki yace, pakuti galimotoyo imwa gasi m'malo mwa petulo.

Forklift ya gasi ndi wanchito wabwino ndithu, koma zoopsya zace siziri zoonekera monga za galimoto ya pa mseu. Iyenda pang'ono-pang'ono, siicita utsi wakuda, ndipo munthu aiona ngati coseweretsa. Cifukwa cace tifuna kufotokoza malamulo ace pamodzi ndi zifukwa zao, popeza munthu wodziwa cifukwa ca lamulo ndiye amalisunga ngakhale kapitao ali kutali.

GASI AMENEYU NDI CIANI?

Dzina lace amalifupikitsa ndi malemba atatu, LPG, ndipo tanthauzo lace ndilo mpweya wocokera ku mafuta a pansi pa nthaka, umene aupanikiza kufikira usanduka wamadzi. Muli mitundu iwiri ya gasi, propane ndi butane, imene kawiri-kawiri aisanganiza pamodzi. Wina atuluka m'zitsime za mafuta, wina apezeka pamene ayenga mafuta akuda kuti atulutsemo petulo, palafini ndi dizilo. M'caka ca 1910 katswiri wina wa ku America, Dr. Walter Snelling, anali kufufuza cifukwa cimene petulo amacepera yekha m'thanki popanda womgwiritsa nchito. Anapeza kuti cimene cinali kuuluka ndico gasi ameneyu, ndi kuti nkotheka kumgwira ndi kumsunga m'zotengera zacitsulo. Pofika caka ca 1912 anali atayamba kale kumgulitsa.

Cinsinsi ca gasi ciri pa kuwira kwace. Madzi kuti awire afuna moto wofika pafupi ndi madigiri 100. Koma propane awira pa madigiri 42 pansi pa ziro, ndipo butane awira pafupi ndi ziro penipeni. Ndiko kunena kuti ngakhale m'mamawa mwa mwezi wa July, pamene ife tiri kunjenjemera ndi mphepo, kwa gasi kumakhala kuli kotentha kale, ndipo iye afuna kusanduka mpweya. Comletsa ndi citsulo ca silinda cokha. Mukaigwedeza silinda yodzala mudzamva ngati muli madzi, koma mukatsegula mutuluka mpweya. Lita imodzi ya gasi wamadzi isanduka malita pafupi-fupi 250 a mpweya. Ubwino wace uli pomwepo, pakuti mphamvu yaikuru ilowa m'kacitsulo kakang'ono. Kuopsya kwacenso kuli pomwepo, pakuti kadontho kakang'ono kadzaza malo akulu.

Kuno ku Zambia, kuyambira caka ca 1973 gasi anali kupangidwa ku Ndola, pa fakitale yoyenga mafuta ya Indeni. Mafuta akuda anali kufika kumeneko m'paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam, imene inatha kumangidwa m'caka ca 1968. M'caka ca 2021 boma linalengeza kuti Indeni ileke kuyenga mafuta, ndipo m'caka ca 2023 paipi ija inayamba kunyamula dizilo woyenga kale. Cotero gasi wa m'masilinda athu acokera kunja, ndipo makampani monga Afrox ndi Oryx ndiwo amamdzaza m'masilinda ndi kumgulitsa. Bungwe la boma lochedwa Energy Regulation Board ndilo lipereka cilolezo ca malonda amenewa.

CIFUKWA NINJI AYENDETSERA GALIMOTO?

Injini ya gasi ndi mbale wace wa injini ya petulo. Zonse ziwiri ziri ndi mapulagi othethetsa moto, ndipo injini ya petulo ikhoza kukonzedwa kuti izimwa gasi. Popeza gasi alowa mu injini ali mpweya kale, asanganikirana bwino ndi mpweya wa kunja, napsya wosasiya mwaye wambiri. Koma lita ya gasi iribe mphamvu yofanana ndi lita ya petulo. Icepa ndi gawo limodzi mwa magawo anai, cotero galimoto imwa malita oculukirapo pa ulendo womwewo. M'maiko monga Turkey, Poland, Italy ndi South Korea muli magalimoto ambiri-mbiri oyendera gasi. Ku Turkey kokha aposa 4 miliyoni, ndipo matakisi a mu mzinda wa Tokyo ku Japan akhala akuyendera gasi zaka zambiri.

Kwathu kuno galimoto ya gasi imene mungaione msanga ndiyo forklift. Eni mafakitale asankha pakati pa mitundu itatu. Ya dizilo ndi yamphamvu, yoyenera pa bwalo, koma utsi wace suloleka m'nyumba. Ya magetsi iribe utsi konse, koma batire yace ikatha ifuna maora ambiri kuti idzazidwenso. Ya gasi iri pakati: igwira nchito pa bwalo ndi m'nyumba yopita mphepo, silinda imodzi ikwanira nchito ya maora pafupi-fupi 8, ndipo ikatha, kuika yina kutenga mphindi zowerengeka cabe.

Ubwino umenewu unaonekera poyera m'caka ca 2024. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cirala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo mu Lusaka magetsi anali kuzima maora 17 pa tsiku, pena kuposa apo. Batire sidzazidwa popanda magetsi, koma silinda siyembekeza Kariba. Caka comweco mabanja ambiri anagula gasi wophikira, ndipo tsopano iye ali m'manja mwa anthu oculuka amene sanakule naye. Ndi bwino tsono timdziwe makhalidwe ace.

MAKHALIDWE ATATU A GASI

Khalidwe loyamba ndi ili: gasi ndi wolemera koposa mpweya umene tipuma. Propane aulemera kamodzi ndi theka, butane kawiri. Ife tinazolowera utsi, umene ukwera kumwamba ndi kutulukira ku denga. Gasi sacita cotero. Akadontha atsikira pansi nayenderera monga madzi, kufuna-funa malo otsika. Alowa m'ngalande, m'dzenje limene makaniko aimamo pokonza galimoto, ndi pansi pa citseko. M'menemo akhoza kukhala maora ambiri, osaoneka. Akakwana magawo awiri okha mwa magawo 100 a mpweya, wayamba kale kuyembekeza moto, ndipo safuna moto waukulu ai. Ndudu ya fodya ikwana, ngakhale mphaliphali ya wowocherera zitsulo, ngakhale kuthetheka kwa swici ya magetsi. Ndico cifukwa cace forklift ya gasi siigona pafupi ndi dzenje kapena ngalande, ndipo masilinda asungidwa kunja, pa mthunzi, m'khola la waya lopita mphepo.

Mwa cibadwa cace gasi alibe fungo. Fungo loipa lija mumalimva, longa la kabici woola, acita kuthiramo dala. Anthu anaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 18 March 1937, m'tauni ya New London ku Texas, gasi wosanunkha anadontha pansi pa nyumba ya sukulu popanda wozindikira, ndipo ataphulika anapha ana ndi aphunzitsi pafupi-fupi 300. Kucokera pamenepo maiko anayamba kulamula kuti gasi azithiridwa fungo. Cotero mukamva fungolo musaipidwe nalo. Ndi mlonda wanu ali kukuitanani.

Khalidwe laciwiri: gasi wamadzi ndi wozizira koopsya. Pamene asanduka mpweya ayamwa kutentha kwa cinthu ciri conse cimene wacikhudza. Akagwera pa dzanja aumitsa khungu nthawi yomweyo, ndipo bala lace lifanana ndi la moto, lotuluka matuza. Akagwera m'diso akhoza kuliononga. Wosintha silinda abvale magolovesi acikopa ndi magalasi ochinga maso. Wina akapsya naye, athire madzi ofunda pang'ono pa balapo, asatikitepo, ndipo apite ku cipatala. Kuzizira komweku kutithandizanso, pakuti mukaona cipale coyera pa polumikizira paipi, dziwani kuti pamenepo pali kudontha.

Khalidwe lacitatu: gasi wamadzi afufuma akatenthedwa, kwambiri koposa madzi. Ici ndico cifukwa cace silinda saidzaza mpaka kukamwa. Aidzaza magawo pafupi-fupi 80 mwa 100, nasiya malo pamwamba kuti gasi apeze pofufumira. Silinda yodzazidwa mopitirira m'mamawa mozizira, ikaikidwa pa dzuwa la mwezi wa October, isowa malo amenewo, ndipo mphamvu ya m'kati ikwera msanga. Pa 11 July 1978, pa malo ochedwa Los Alfaques ku Spain, lori ya thanki yonyamula gasi wa mtundu wofanana ndi uyu, imene inadzazidwa mopitirira muyeso, inang'ambika pafupi ndi anthu amene anali pa chuti m'mphepete mwa nyanja, ndipo anafa oposa 200. Pafupi ndi kwathu, usiku wa pa 1 February 2024, ku Embakasi mu mzinda wa Nairobi, lori ya gasi inaphulika pa malo odzazirapo masilinda popanda cilolezo. Anthu anafa, nyumba zinapsya, ndipo obvulala anaposa 200. Phunziro lace ndi lacidule: gulani gasi kwa okhala ndi cilolezo, amene ayesa silinda pa sikelo, ndipo musayese kutsanulira gasi kucoka m'silinda yina kulowa m'inzace.

KUSINTHA SILINDA

Silinda ya forklift ioneka ngati ya m'khicini, koma m'kati mwace ndi zosiyana. Ya m'khicini iimirira cilili, ndipo itulutsa mpweya wa pamwamba. Ya forklift iri ndi kapaipi m'kati kotunga gasi wamadzi pansi. Wamadziyo apita ku kacipangizo kotenthedwa ndi madzi a injini, ndipo m'menemo ndimo asandukira mpweya asanalowe mu injini. Cotero masilinda awiriwa sasinthanitsidwa. Munthu akatenga silinda ya forklift kukaphikira ku nyumba, ku citofu kudzafika gasi wamadzi, ndipo lawi lace lidzakwera mpaka ku denga.

Pa malo ogonekapo silinda pali kacitsulo kotulukira, ndipo pa khosi la silinda pali kabowo kolowamo kacitsuloko. Ambiri ayesa kuti n'kongoletsa silinda kugubuduka. Nchito yace yeni-yeni ndiyo kuonetsa kuti silinda yagona moyenera, kuti kapaipi kaja kaloze pansi, ndipo valavu yopumira, imene itseguka yokha mphamvu ikaculuka, ikhale pamwamba pomwe pali mpweya. Silinda ikagona mozondoka, valavuyo idzalabvula gasi wamadzi m'malo mwa mpweya, ndipo takamba kale kuti lita imodzi isanduka malita 250.

Kasinthidwe kace ndi aka. Imikani forklift kunja kapena pa malo opita mphepo, kutali ndi moto ndi osuta fodya. Tsitsani mafoloko pansi, kokani buleki ya pa manja. Tsekani valavu ya silinda injini iri kulira, ndipo muileke ilire kufikira izima yokha. Potero gasi yense wotsala m'paipi atha, ndipo sadzakuthirani pa manja pomasula. Zimani kiyi, bvalani magolovesi, masulani paipi ndi malamba. Silinda yodzala ndi yolemera, itanani mnzanu akuthandizeni, pakuti msana ulibe sipeya. Yang'anani kuti kamphira ka polumikizira kalipo ndi kuti sikanang'ambike. Mutamanga bwino, tsegulani valavu pang'ono-pang'ono, ndipo mugwiritse nchito khutu, mphuno ndi diso: kodi pali kulira kwa mpweya, kodi pali fungo, kodi pali cipale coyera? Ngati mukayika, pakanipo madzi a sopo. Pakatuluka thobvu ndiye kuti padontha. Kuyesa ndi macesi ndiko kudziitanira maliro. Mukapeza kudontha tsekani valavu, musalize injini, ndipo kauzeni kapitao. Poweruka madzulo tsekaninso valavu, pakuti usiku ndi wautali ndipo palibe mphuno yolondera.

UTSI WOSANUNKHA

Tsopano tafika pa coopsya cimene cinyenga anthu koposa zonse. Popeza forklift ya gasi siitulutsa utsi wakuda, ambiri akhulupirira kuti iribe utsi woipa. Si zoona zimenezo. Inu nonse mudziwa za mbaula. M'miyezi ya June ndi July timamva za anthu amene analowetsa mbaula m'nyumba, natseka citseko ndi mazenera, ndipo kunja kutaca sanadzuke. Cowapha ndi mpweya wochedwa carbon monoxide, umene ubadwa pamene cinthu cipsya ndi mpweya wosakwanira. Injini ya gasi itulutsa mpweya womwewo, ndipo ngati siinakonzedwe bwino iutulutsa woculuka kwambiri.

Mpweya umenewu ulibe mtundu, ulibe fungo. Fungo lothira m'gasi lija lipsya mu injini, cotero pano mlonda wanu sakuthandizani. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo mau amenewo ayenera pano koposa pena pali ponse. Ukalowa m'mapapo ugwirana ndi magazi mwamphamvu. Akatswiri apeza kuti magazi aukonda koposa mpweya wabwino kopitirira ka 200. Magazi akadzala nao aleka kunyamula mpweya wopatsa moyo kupita ku ubongo ndi ku mtima. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka. Ambiri ayesa kuti ndi malungo kapena njala, namwa mankhwala a mutu ndi kupitiriza nchito. Cizindikiro cothandiza ndi ici: ngati anthu awiri kapena atatu adwala mutu nthawi imodzi pa malo amodzi, ndipo apeza bwino akatuluka kunja, dziwani kuti m'nyumbamo muli poizoni. Zimani injini, tulutsani anthu onse, ndipo wokomoka mumtengere ku cipatala msanga, mukawauze a dokotala cimene cacitika.

Malo oopsya kwambiri ndiwo m'kati mwa kontena, m'cipinda cozizira cosungiramo nyama kapena zipatso, ndi m'shedi imene atseka zitseko pothawa mphepo kapena fumbi la mwezi wa August. M'malo otsekeka otere muyenera kulowa forklift ya magetsi. Kumene ya gasi igwira nchito m'nyumba, zitseko zikhale zotsegula mbali ziwiri kuti mphepo idutse, injini isamangolira pamene palibe nchito, makaniko ayese utsi wace ndi cipangizo nthawi ndi nthawi, ndipo pa khoma pakhale kabelu kolira kokha mpweya woipawo ukaculuka.

GALIMOTO YOSIYANA NDI ZINZACE

Tisiye gasi tsopano, tione galimoto yeni-yeniyo. Makolo ace anabadwira ku America, kumene kampani ya Clark inapanga kagalimoto konyamulira katundu m'fakitale yace m'caka ca 1917. Mafoloko okwera ndi kutsika anadza m'zaka zotsatira, ndipo nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ndiyo inawanditsa makinawa, pamene asilikari anafuna kupakira ndi kutsitsa katundu wambiri mofulumira.

Coyamba kudziwa ndi kulemera kwace. Forklift yonyamula matani awiri ndi theka ilemera payokha matani pafupi-fupi anai, ngati magalimoto ang'ono atatu pamodzi. Kulemera kwambiri kuli kumbuyo, kumene anaikako cicitsulo cacikuru dala. Galimoto yonse iri ngati sikelo: katundu kutsogolo, cicitsulo kumbuyo, mawilo akutsogolo pakati. Katundu akaposa, mawilo akumbuyo anyamuka, ndipo popeza ndiwo akhotetsa, woyendetsa alibenso ulamuliro.

Pa forklift iri yonse pali kacikwangwani kacitsulo konena muyeso wace. Kakanena makilogramu 2,500, amenewo ndi matumba 50 a simenti. Koma kanenanso mtunda, kawiri-kawiri masentimita 50, kucokera ku tsinde la mafoloko kufika pakati pa katundu. Tengani ndowa yodzala madzi, muigwire pafupi ndi thupi, kenaka tambasulani mkono. Madzi ndi omwewo, koma mkono ulephera. Momwemonso katundu wautali, kapena wokhala ku nsonga ya mafoloko, agonjetsa galimoto ngakhale kulemera kwace sikunafike pa muyeso. Kuimika anthu kumbuyo kuti aonjeze kulemera, monga acita ena, ndiko kuika miyoyo ya anthu pa sikelo.

Caciwiri, ngakhale iri ndi mawilo anai, forklift iima pa malo atatu okha, monga mphika pa mafuwa. Mawilo awiri akutsogolo ndiwo mafuwa awiri. Akumbuyo onse awiri alendewera pa cikhomo cimodzi pakati, ndipo cimeneco ndico fuwa lacitatu. Kulemera konse kukakhala pakati pa atatuwa galimoto iima bwino, kukatulukira kunja igwa. Munaona anyamata obweretsa makala m'tauni pa njinga. Amene wasanjikiza matumba m'mwamba ayenda mwamantha, pakuti kamwala kakang'ono kamgwetsa. Forklift yokweza katundu m'mwamba iri cimodzi-modzi. Cotero poyenda mafoloko akhale pansi, masentimita ngati 15 kucokera pa nthaka, atapendekera kumbuyo pang'ono. Kwezani katundu mutaima, tsitsani musanayende, ndipo musakhote katundu ali m'mwamba. Dziwaninso ici, cimene cidabwitsa ambiri: forklift yopanda katundu ndiyo igwera cam'mbali msanga pokhota, cifukwa kulemera kwace konse kuli kumbuyo, kufupi ndi fuwa limodzi lija. Ndipo nthawi imene iribe katundu ndiyo nthawi imene woyendetsa akonda kuthamanga.

Cacitatu, forklift ikhota ndi mawilo akumbuyo. Pokhota, thako lace likankhira kunja mofulumira, ndipo munthu woima pambali, woyesa kuti wapatuka mokwanira, apanikizidwa ku khoma kapena ku mulu wa katundu. Woyendetsa wozolowera galimoto ya pa mseu ayenera kuphunzira zimenezi mwatsopano.

Pa citunda, katundu aloze kumtunda nthawi zonse: pokwera pitani cakutsogolo, potsika bwererani cambuyo, ndipo musakhote muli pa citunda. Polowa m'lori kapena m'kontena, onani kuti mawilo a loriyo aikidwa zophinga, ndi kuti dalaivala wace adziwa kuti muli m'kati, pakuti lori ikasuntha pang'ono pokha forklift igwera pa mpata. M'nyengo ya dzinja cenjerani ndi matope ndi maenje obisika m'madzi, cifukwa wilo limodzi likatitimira mafuwa aja asokonezeka.

IKAYAMBA KUGWA

Ngozi imene ipha oyendetsa ambiri ndiyo kugubuduka. Pamene galimoto iyamba kupendeka, mtima wa munthu umuuza kuti alumphe. Koma alumphira mbali yomweyo imene galimoto iri kugwera, ndipo denga lacitsulo, limene analiikira kumchinjiriza, limgwera pa khosi kapena pa cifuwa monga diwa ligwera mbewa. Cipulumutso ciri m'kati. Khalani pa mpando, gwiritsani ciwongolero ndi manja onse awiri, pondani zolimba pansi, ndipo pendekerani mbali yosiyana ndi kumene muli kugwera. Pa mphindi yotero munthu sakhala ndi nthawi yoganiza, ndico cifukwa cace pali lamba wa pa mpando. Lambayo akugwirani pamene nzeru zathawa. Mangani lamba ngakhale ulendo uli wa mapazi khumi.

Otsatira pa kubvulala ndiwo anthu oyenda pansi. Lizani hutala pa ngodya iri yonse ndi pa khomo liri lonse. Katundu akakuchingani maso, yendani cambuyo muli kuyang'ana kumene mupita. Forklift iri ndi mpando umodzi, ndiye kuti ndi ya munthu mmodzi. Munthu asakwezedwe pa mafoloko kukakonza getsi kapena kukatenga katundu pamwamba, ndipo asaime kapena kudutsa pansi pa mafoloko okwezedwa, pakuti paipi ya mafuta ikaphulika atsika nthawi yomweyo. Inunso opakira katundu, alonda ndi akalaliki, musadutse kumbuyo kwa forklift musanaonane maso ndi woyendetsa. Ndipo woyendetsa akatsika, atsitse mafoloko pansi, akoke buleki, acotse kiyi, kuti mnyamata wofuna kuyesa asapeze mpata.

UDINDO ULI PA YANI?

Dziko lathu linaika malamulo a zimenezi. Lamulo la mafakitale, Factories Act, la m'caka ca 1966, linalamula kuti makina onyamulira katundu aziyesedwa nthawi ndi nthawi, ndi kuti muyeso wao ulembedwe poonekera. M'caka ca 2010 Nyumba ya Malamulo inapanganso lamulo la umoyo ndi citetezo pa nchito, limene linalamula kuti pa malo a anchito khumi kapena kuposa pakhale kabungwe koyang'anira citetezo. Wobvulala pa nchito athandizidwa ndi bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lace liri ku Ndola. Koma ndalama za cipepeso sizibweza mwendo, ndipo sizibwezera ana atate wao.

Kwa inu eni nchito ndi akapitao: laisensi ya pa mseu siiphunzitsa munthu za mafuwa atatu, kapena za kacitsulo ka pa khosi la silinda. Mtumizeni woyendetsa ku maphunziro a forklift, mpatseni magolovesi, ndipo akanena kuti buleki yafooka, mumveni. Mukamfulumiza cifukwa malori ali pa mzere pa geti, ndinu amene mwakweza katundu uja m'mwamba pokhota.

Kwa inu oyendetsa: m'mawa uli wonse, musanalize injini, zungulirani galimoto yanu. Onani matayala, mafoloko, unyolo, mapaipi ndi malamba a silinda, nunkhizani, kenaka yesani buleki ndi hutala. Zonsezi zitenga mphindi zisanu. Cimene simucidziwa funsani, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo wacinyamata akabwera kudzaphunzira kwa inu, musamuuze lamulo lokha, muuzeni ndi cifukwa cace comwe, kuti naye akalisunge pamene inu mulibe.